Jombo Zoyera za Adokotala

Sabata yatha nditamasula belo la nsapato pa benchi langa ku msika wa Tsoka ku Lilongwe, pansi penipeni ndinapeza jombo ziwiri za labala, zoyera mbee. Mnyamata wa benchi loyandikana nane anaseka, akuti, "Masiteni, izo n'za kubutchala, pano palibe angazifune." Ine ndinazitulutsa m'belomo. Ndinangozinunkhiza ngati wamisala, kenako n'kuzikulunga m'chitenje. Pano zili kunsi kwa bedi kwathu. Ana akundifunsa kuti n'za chiyani, ndipo ndikusowa poyambira. Ndiye ndati mwina ndiyambire pano.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 5. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 11, kwa dokotala wina wochita maopaleshoni ku chipatala chachikulu. Tinkagona m'kanyumba ka kuseri, ine ndi iwo, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Za bambo anga musandifunse, anapita ku maesiteti a fodya ndili wakhanda ndipo sanabwerenso. Wachibale amene tinali naye m'tauni anali amalume basi, mlonda pa nyumba ina ya mumsewu womwewo.

Adokotalawo anali a kumpoto, aatali, osakonda zolankhulalankhula. Akazi awo ndi ana anali kunja, ndiye m'nyumba yonse ija ankakhalamo okha. Chichewa chawo chinali chokhotakhota, moti ine ndinkabisala kuseri kwa chitseko n'kumawayeseza. Amayi akandimva ankandikoka khutu, koma iwonso akuseka.

Kunali kotentha nyengo imeneyo, mvula isanayambe, nyenje zikulira tsiku lonse mpaka m'makutu kuwawa. Amayi anayamba kuonda kumaso ndi m'mikono, koma mimba ikukula. Azimayi a kutchalitchi anayamba kunong'onezana, mukudziwa mmene timachitira ife. Amayi osadandaula, ankangomanga chitenje pamwamba n'kumakolopa. Tsiku lina anasiya simbi pa malaya n'kuthamangira kumpanda kukasanza, malaya aja n'kupsa. Bwana sanakalipe za malaya. Anawauza kuti agone pa mpando wautali wa pabalaza. Ndimakumbukabe manyazi a amayi, kugona pa mpando umene ankangoupukuta, mapazi ataatulutsa kunja kuti asaudetse. Adokotala anadinikiza mimba ija ndi zala, uku ndi uku, maso ali kudenga ngati akumvetsera wailesi ya kutali. Kenako anati, "Mawa mukwere nawo galimoto."

Kuchipatala kwathu kuno wodwala sagona yekha, pamafunika gadiyani womusambitsa, kumuphikira ndi kumutayira za m'beseni. Amalume sakanatha, wodi inali ya azimayi. Amayi aang'ono kumudzi anali ndi khanda. Ndiye gadiyani ndinali ine. Nditakatsanzika kusukulu, aphunzitsi anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Pita ukasamale mayi ako, malo ako sathawa." Usiku amayi ankawayang'anira mayi wina wa bedi loyandikana, amene ankadwazika mwana wake. Ine m'mawa ndinkakwera galimoto ya bwana, kumbuyo, nditafungatira kontena ya phala, madzulo n'kubwerera nawo.

Opaleshoni sinachitike msanga. Anati magazi a amayi ndi ochepa, ayambe awonjezera. Amalume anapereka awo, n'kumayenda modzitama sabata yonse ndi kathonje pamkono. Masiku anapita tikudikira. Amayi ankagona kwambiri, ndipo akadzuka n'kundipeza ndili pamutu pawo ankati, "Iwe usangondiyang'ana ngati chithunzi. Pita ukaone zimene akuchita bwana, udzandiuze." Ndiye mmene zinayambira ndi choncho. Sindinathawe amayi ayi, ananditumiza okha. Izi ndimadziuza kawirikawiri.

Poyamba adokotalawo ndinkawatsata patali. Iwo patsogolo, kumbuyo kwawo ana asukulu ya udokotala ovala zoyera, kenako asisitala, kenako ine ndi diresi langa la yunifolomu lofupika. Tsiku lina anatembenuka mwadzidzidzi, onse n'kuima. Ndinati lero ndathamangitsidwa. Koma anangoti, "Musiyeni, ndi mchira wanga uwo." Kuyambira pamenepo chipatala chonse chinkanditchula kuti Mchira. Ngakhale abambo okankha matolole ankakuwa, "Patukani, Mchira akudutsa!"

Zimene ndinaona m'mawodi muja sindingazimalize. Fungo la mankhwala okolopera losakanikirana ndi la mabala ndi nthochi zakupsa. Mabotolo a dilipi atapachikidwa pamisomali. Adokotala akafika pa bedi sankakhala pansi. Ankavundukula bulangeti, kuyang'ana chilonda, kudinikiza, kufunsa ana asukulu aja mafunso m'Chingerezi mpaka wina thukuta kamukamu. Ndiyeno ankatembenukira kwa wodwala n'kufunsa funso lawo lija, mokweza, wodi yonse ikumva: "Amama, mwaphwisa?"

Tangoganizani, munthu wamkulu, wa tayi, kufunsa gogo wa imvi zimenezo. Azimayi ankafunda zitenje kumaso, ena kuseka mpaka kugwira ulusi wa pamimba. Koma iwo osaseka n'komwe. Anandifotokozera m'galimoto kuti munthu akang'ambidwa pamimba matumbo amagona, ndipo mpweya ukatuluka ndiye kuti adzuka. Asanadzuke, pakamwa pasalowe kanthu. Wodwala akavomera mwamanyazi kuti eya, zachitika, ankawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Tiyi wopanda mkaka. Mawa phala lamadzimadzi." Basi. Nyama ayi, mafuta ayi, zowawasa ayi, mpaka iwo atanena.

Pa nkhani ya chakudya anali nkhalwe, ndisaname. Ankasuzumira kunsi kwa mabedi ndi m'malokala. Tsiku lina anapeza chigubu cha thobwa chitabisidwa m'chitenje, mtsikana wina atabweretsera mayi ake amene anali atangochoka ku fiyeta, kochitira opaleshoni, dzulo lake. Anakalipa mpaka Chichewa chinawathera n'kuyamba chakwawo. "Ine ndasoka tsiku lonse, iwe ukufuna undiphere munthu wanga ndi thobwa?" Mtsikana uja analira. Ine ndinathamanga kukawayesezera amayi, manja kumbuyo, khosi lowuma, "Mwaphwisa? Thobwa la ndani ili?" Amayi anaseka atagwira mimba, misozi ili mbwembwembwe, akuti, "Leka, undipha iwe." Kuseka kwawo komaliza kumene ndimakukumbuka bwino ndi kumeneko.

Masiku a opaleshoni ndiye anali anga enieni. Pakhomo la fiyeta panali mzere wofiira wopakidwa pansi, ndipo nsapato za kunja sizinkadutsa pamenepo. Adokotala ankavula nsapato zawo zakuda, zimene amayi ankapolisha, n'kuvala jombo zoyera za labala. Ine malire anga anali mzerewo. Panali benchi limene achibale ankadikirirapo, ndipo ndikakwera pamwamba pake ndinkatha kuona kudzera pa kagalasi ka pachitseko. Ndinkawaona akusamba m'manja mpaka m'zigongono, kutsukatsuka nthawi yaitali ngati manjawo anawalakwira, kenako n'kulowa chitseko chachiwiri chammbuyo, manja ali m'mwamba ngati munthu wa kwaya. Mkatimo ndinkangoona nyali yaikulu, nsalu zobiriwira, ndi msana wawo utawerama. Msana umenewo unkatha kuwerama kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osawongoka.

Akatuluka ankavula jombo zija pa mzere pomwepo. Ine ndinaphunzira kuziwerenga, poti zina zonse zinali m'Chingerezi. Akachedwa kwambiri, jombo zinkatuluka zili magazi okhaokha, ndi mankhwala achikasu aja, nthawi zina mpaka m'mwamba. Iwo maso ali psuu, kapu yonyowa, koma ankakuwa, "Tiyi wanga ali kuti?" n'kuwauza achibale kuti, "Inali nkhondo, koma tachotsa." Achibale aja nthawi yonseyo amakhala atazunzika pa benchi, ena kulira, ena kuyendayenda. Ndiye m'mutu mwanga mwa mwana ndinamanga lamulo: akachedwa ndipo jombo zikada, matenda ndi oopsa. Akafulumira, jombo zili zoyera, ndiye kuti kanali kanthu kakang'ono. Kunena zoona, pa zotupa zazing'ono ndi zithupsa zinkakhaladi choncho. Palibe anandiphunzitsa, komanso palibe anandikonza, poti sindinauze munthu.

Nthawi imeneyo ndinali nditatsimikiza kuti ndidzakhala dokotala. Kunyumba ndinkang'amba mapapaya aawisi ndi lezala n'kuwasoka ndi ulusi wa amayi. Bwana anandipeza tsiku lina, anayang'ana msoko wanga nthawi yaitali n'kunena kuti, "Wathinitsa kwambiri. Mnofu umafuna kupuma." Sananene kuti wachita bwino, koma ine usiku umenewo sindinagone chifukwa cha chimwemwe.

Tsiku la amayi linafika. Anawaveka chovala chotsegula kumbuyo, ndipo mpango wawo wa kumutu anandipatsa ine kuti ndisunge. Amalume anabwera molunjika kuchokera ku ulonda, chijasi chawo chili m'khwapa. Tolole itadutsa mzere wofiira, ine sindinakwere pa benchi. Ndinaopa kuona. Ndinagwada pakona, mpango uja uli kumaso, ukununkhira sopo ndi utsi, n'kupemphera pemphero limodzi lokha: Ambuye, asachedwe, jombo zisade. Ndinabwereza mpaka mawondo kuchita dzanzi.

Ndipo sanachedwe. Dzuwa limene linkalowa pa zenera n'kuyenda pakhoma mpaka kufika pa benchi, tsiku limenelo linali lisanatsike n'komwe pakhoma. Chitseko chinatseguka, ine maso anga pansi. Jombo zinali zoyera ngati sizinavalidwe, kadontho kamodzi kokha kachikasu chakuchala. Ndinalumpha. Ndinagwira amalume dzanja n'kumalivinitsa. Adokotala sanaitanitse tiyi. Anavula jombo pang'onopang'ono, n'kuitanira amalume m'kachipinda ka pambali, ndipo ndinaona amalume akuvula chipewa polowa. Ine ndinatsala ndi jombo zija, ndinazisisita ndithu, kuzithokoza. Amalume atatuluka ndinawafunsa kuti zatha bwanji. Anayang'ana kunja n'kunena kuti, "Amaliza, mphwanga." Ine ndinamva kuti amaliza ntchito.

Masiku otsatira, adokotala akafika pa bedi la amayi ankachita zachilendo. Ankauza ana asukulu aja kuti atsogole, iwo n'kukhala pansi m'mphepete mwa bedi. Munthu amene sankakhala pa bedi la wina aliyense. Funso lawo loseketsa lija kwa amayi ankalifunsa motsitsa, wodi osamva. Ndipo m'mawa wina, ndili pomwepo, anawafunsa kuti, "Mtima ukufuna kudya chiyani?" Amayi anati masuku. Ine ndinadikira kuti akalipe, poti masuku ndi zinthu za m'tchire, zanjere. Koma anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mchira, chilichonse chimene angafune, uziwapatsa."

Chilichonse! Ndinayenda wodi yonse ndikulengeza. Ndinapita dala kwa mtsikana wa thobwa uja kukamuuza kuti amayi anga okha ndiye aloledwa, chifukwa opaleshoni yawo inali yosavuta, komanso ndife a kunyumba kwa bwana. Iye anangotembenukira kwa mayi ake. Mayi wa bedi loyandikana uja anandikokera pachifuwa pake n'kumandisisita m'mutu, ine n'kumadziphatula kuti kukutentha. Wodi yonse ija inadziwa. Azimayi osaphunzira ngati ine lero, koma anali atakhalitsa m'chipatala, ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Amene sindinkadziwa ndinali ine ndekha, Mchira, amene ndinkadziyesa wodziwa za chipatala kuposa onse.

Masuku tinakagula ndi amalume ku msika wa ku Old Town. Anali oyambirira, tinachita kuwafunafuna pakati pa anthu ndi fumbi la ku Area 1, mpaka tinapeza mayi wina ali nawo m'lichero. Amalume ankasankha limodzilimodzi, kulifinya pang'ono, kulinunkhiza, ngati akusankha mkazi. Ine ndinkawafulumizitsa. Amayi anaswa limodzi ndi zala, kuyamwa, n'kutsinzina. Anati akukumbuka ali mtsikana akutola masuku m'mapiri a kwathu m'mamawa, mame ali m'miyendo. Anayamwa lachiwiri, lachitatu linawakanika. Otsalawo anati ndidye ine, ndipo ndinadya onse, njere n'kuziunjika pa lokala, iwo akundiyang'ana. Kuyang'ana kumene kuja ndimakuona mpaka lero. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti akusirira.

Ulusi utachotsedwa anatitulutsa. Adokotala anati amayi akapumire kumudzi, ndipo Loweruka anatitenga okha pa galimoto yawo mpaka kwathu kupitirira Mitundu, msewu wafumbi, akuyendetsa pang'onopang'ono pa mabampu. Mudzi wonse unatuluka kudzaona. Ine ndinatsika monyada ngati galimotoyo ndi yathu. Anawayalira amayi mphasa pakhonde, bwana n'kukhala pa kampando, akulandira moni wa aliyense, chipewa chili pabondo.

Pofika nthawi yobwerera m'pamene panali nkhani. Amalume ankafuna nditsale. Anati mwana akhale ndi mayi ake. Ine ndinalira, ndinati mayeso ayandikira, aphunzitsi akundidikira, komanso ndani aziwatsata bwana. Akuluakulu anayang'anana. Aliyense ankadikira kuti wina anene, ndipo palibe ananena. Amayi ndi amene anadula. Anandiitana, kundikonza kolala ya diresi, n'kunena kuti, "Pita ukaphunzire. Ukadzabwera pa Khirisimasi udzandiuze zimene akuchita bwana." Mpango uja ndinafuna kuwabwezera, anati ndisunge kaye.

Amayi pa Khirisimasi sanafike. Mvula itagwa, chimanga chitangomera, amalume anabwera m'mawa ku kanyumba kaja atavala jekete la kutchalitchi pakati pa sabata. Maliro atatha, abale anati nditsale kumudzi ndizithandiza amayi aang'ono. Bwana anatumiza uthenga kuti ndibwerere, koma chaka chotsatira anapita kunja kutsatira banja lawo, nyumba ija n'kulowamo anthu ena. Malo anga kusukulu kaya anathawa kaya sanathawe, sindinapiteko kukaona. Ndiye masabata amene ndikanakhala pa mphasa paja ndinawapereka ku sukulu, sukulu yake osaimaliza. Apa m'pamene pamandiwawa.

Tanthauzo la jombo zoyera zija ndinadzalimva ndili kale ndi ana awiri. Ndinali gadiyani wa alamu anga m'chipatala chomwecho, ndipo ndinamva anamwino awiri akukambirana za wodwala wina m'khonde. Wina anati, "Aja angotsegula n'kutseka, zafalikira ponse. Auzeni abale aziwapatsa chimene akufuna." Ndinali nditanyamula beseni. Ndinaliika pansi n'kukhala pa simenti pomwepo, anthu akundilambalala. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti amayi anachira kenako matenda ena n'kuwapeza kumudzi. Mwinanso ndinkadziwa pang'ono koma osafuna kuzitembenuza, kaya.

Sindikuimba mlandu munthu. Kwathu kuno mwana sauzidwa za imfa isanafike, amati ukuitana. Amalume ankanditeteza, amayi ankanditeteza. Adokotala aja, amene ankatha kufunsa gogo za kuphwisa pamaso pa anthu, mawu awa okha anawakanika. Nthawi zina ndimawakwiyira, nthawi zina ndimati nanga ine ndikanatha kumuuza mwana wa wantchito wanga, amene akundiyang'ana ngati Mulungu? Koma ndikanakonda wina akanandikokera pambali n'kungoti, tsala. Osafotokoza, kungoti tsala, mwamphamvu, ngati mmene ankaletsera thobwa.

Tikubwerera ku Lilongwe tsiku lija tinasiya amayi kumudzi, adokotala anandiuza kuti ndikhale kutsogolo, koyamba. Kumwamba kunali kutachita mdima wa mvula, mphepo ikuulutsa mapesi mumsewu. Ine ndinali wosangalala, miyendo ikulendewera, mpango wa amayi uli pamiyendo. Ndinafuna kuwasonyeza kuti nanenso ndaphunzira kanthu, ndiye ndinati, "Bwana, ya amayi inali yosavuta eti? Ndinaona jombo zanu, sizinade n'komwe. Ndinapemphera kuti musachedwe."

Anapatutsa galimoto n'kuima pambali pa msewu, pamalo popanda nyumba, popanda sitolo. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, manja aja osamba mpaka m'zigongono, n'kumayang'ana kutsogolo nthawi yaitali. Kenako anati, "Eya, Mchira. Sizinade."

Ine ndinasuzumira pa zenera kuyang'ana matayala, poganiza kuti mwina taponda msomali.